Fumbi la ku Mwezi Ngati Kamba wa Chombo Chopita ku Mars

Mwezi wa Ogasiti mphepo ya ku Joni kuno ilibe ulemu. Ife okhala pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi, cha ku Riverlea uku, timadziwa kuti ukasiya zenera losatseka m'mawa, madzulo upeza fumbi lachikasu patebulo, m'mbale, mpaka m'mano. Loweruka lina ndikupukuta fumbi lomwelo pa mota imene ndinabwera nayo kuchokera kuntchito, anatulukira mphwanga, mwana wa mlongo wanga amene ali Giredi 11, foni ili m'manja.

"Amalume, akuti fumbi la ku mwezi likhoza kukhala mafuta a chombo chopita ku Mars. N'zoona kapena ndi mabodza a pa intaneti?"

Ndinamuuza kuti akoke mpando. Ine ntchito yanga ndi yokulunga mawaya a mamota amagetsi, zakuthambo ndimangozikonda chikondere, koma funso limeneli likukhudza magetsi ndi fumbi, zinthu ziwiri zimene ndimakhala nazo tsiku lililonse.

Mawu akuti mafuta ndi amene akusokoneza. Fumbi la ku mwezi siliyaka. Kuyaka ndi pamene chinthu chikugwirana ndi mpweya wa okosijeni, ndipo zitsulo za m'fumbi limeneli zinagwirana kale ndi okosijeni kalekale. Tinene kuti ndi phulusa, ndipo phulusa sungasonkhere moto. Chimene akatswiri akulifunira ndi china: akufuna chinthu choti aziponya kumbuyo.

Ganizani munthu ali m'bwato pakati pa nyanja ku Nkhotakota, nkhafi yapita ndi mafunde, mphepo kulibe, koma m'bwatomo muli mulu wa miyala. Akatola mwala n'kuuponya mwamphamvu kumbuyo, bwato limasuntha pang'ono kutsogolo. Akaponya wina, limawonjezera liwiro. Roketi iliyonse imayenda chonchi, chifukwa kuthambo kulibe msewu woti matayala agwire, kulibe madzi opalasa, kulibe mpweya wotsamira. Funso limakhala lakuti uli ndi miyala ingati, ndipo ukuiponya pa liwiro lanji. Woponya ndi dzanja adzafuna miyala yodzaza bwato, ndipo miyala yomweyo idzalemetsa bwatolo moti yoyambirira idzangothera kukankha inzake. Wa legeni angafike kumtunda ndi timiyala todzaza thumba la malaya. Mphunzitsi wina wa ku Russia, Konstantin Tsiolkovsky, analemba masamu a nkhani imeneyi mu 1903, ndipo mpaka lero palibe amene wawazemba.

Roketi zoyaka moto ndi zoponya ndi dzanja. Yabwino kwambiri, yowotcha haidirojeni ndi okosijeni, imatulutsa utsi wake pa liwiro la makilomita pafupifupi 4.4 pa sekondi. Zikumveka zambiri, koma taonani Saturn V imene inanyamula anthu opita ku mwezi: inkalemera matani pafupifupi 2,900 ponyamuka, ndipo chimene chinkaloza ku mwezi chinali matani 45 okha. Zotsalazo zinali mafuta ndi matanki ake.

Legeni ndiye injini ya pulazima. Pulazima ndi mpweya umene maatomu ake athotholedwa maelekitironi, kotero kuti atomu iliyonse yatsala ndi mphamvu ya magetsi. Si chinthu chachilendo ayi. Ching'aning'ani ndi pulazima, kuwala kobaya m'maso kwa amisiri owotcherera zitsulo ndi pulazima, dzuwa lenilenilo ndi pulazima. Ubwino wake ndi wakuti atomu ikakhala ndi magetsi imamvera. Ukhoza kuikoka, kuikankha, kuikhotetsa ndi maginito. Mu injini ya mtundu wina muli timasefa tiwiri tachitsulo toyandikana, tosiyana mavoti oposa 1,000, ndipo maatomu akadutsa m'timabowo take amafwamphuka pa liwiro la makilomita 30 pa sekondi. Mu mtundu wina, wotchedwa Hall, maginito amazunguza maelekitironi m'ngalande yozungulira ndipo ntchito ya sefa imagwiridwa ndi maelekitironi omwewo. Kunja kwa injini kumakhala kachubu kotentha kolavula maelekitironi mu utsiwo, kuti chombo chisatsale ndi magetsi amene angakokenso maatomu aja kubwerera. Kachubu kameneka mukakumbukire, tikapezanso kutsogoloku.

Mphwanga anafunsa ngati izi zinayesedwapo. Zinayesedwa kale agogo ake asanakwatire. Mu 1964 a ku America anaulutsa SERT-1, ndipo injini yake yogwiritsa ntchito mekyule inayaka kwa theka la ola. Chaka chomwecho chombo cha Soviet Union cha Zond 2 chinali ndi timainjini tothetheka moto wamagetsi pa pulasitiki ya Teflon n'kuisandutsa pulazima. Deep Space 1 ya mu 1998 inayenda ndi mpweya wa zenoni. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Dawn, chombo cha NASA chimene chinanyamuka mu 2007 chikulemera makilogalamu pafupifupi 1,200, mwa amenewa 425 ali zenoni. Chinafika pa chimwala cha Vesta mu 2011, chinachizungulira, chinachokapo, n'kukafika pa chimwala china chachikulu cha Ceres mu 2015. Injini zake zinachiwonjezera liwiro la makilomita oposa 11 pa sekondi. Kuti roketi yamoto ichite zomwezo, pa makilogalamu 100 alionse 92 akanakhala mafuta.

Nanga bwanji sitinasiye roketi zamoto? Chifukwa legeni imeneyi imaponya timiyala tochepetsetsa. Injini ya Dawn ikayaka ndi mphamvu zake zonse inkakankha ngati kulemera kwa mapepala awiri a A4 ali padzanja. Kuti chombocho chifike pa makilomita 100 pa ola, liwiro limene minibasi ya pa M1 imafika dalaivala asanamalize kusintha magiya, pankatha masiku 4. Kungoti kuthambo kulibe chokubweza, ndiye injini ikayaka miyezi ndi zaka, pang'onopang'ono amasanduka mtolo. Injini yotereyi singadzutse chombo pansi, ngakhale pa mwezi pomwe. Ntchito yake imayamba chombo chili kale m'mwamba.

Vuto la zenoni lili pawiri. Ndi wosowa: mu mpweya umene timapumawu, pa magawo 1 biliyoni, zenoni ndi magawo 87 okha, ndipo amapezeka ngati zotsalira m'mafakitale aakulu olekanitsa mpweya. Makilogalamu 425 a Dawn si nkhani, ngakhale tani imodzi imene chombo cha Psyche chinanyamula mu 2023 si nkhani. Koma chombo chonyamula nyumba, zakudya ndi makina a anthu kupita ku Mars chingafune matani makumimakumi paulendo umodzi. N'chifukwa chake kampani ya SpaceX inasankha mpweya wa kiriputoni pa masetilaiti ake a Starlink, kenako aragoni, ndipo kampani ya ku France ya ThrustMe inayesa ayodini kuthambo mu 2020.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyambalo. Chilichonse chochokera padziko pano chiyenera kutulutsidwa m'chitsime chakuya. Kuti chinthu chithawiretu mphamvu yokoka ya dziko chimafuna makilomita 11.2 pa sekondi. Ku mwezi chimafuna 2.4 yokha. Poti mphamvu yofunika imakwera ndi liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo, kutulutsa kilogalamu imodzi ku mwezi kumadya mphamvu yochepa ka 22. Ku mwezi kulibenso mpweya wokaniza. Munthu wopita kwa Chitipa kuchokera ku Nsanje sanyamula madzi akumwa a ulendo wonse pamutu ngati akudziwa kuti ku Lilongwe kuli mjigo. Maganizo onse a fumbi la ku mwezi agona pamenepa: chombo chichoke padziko chopepuka, kamba chikamutengere panjira.

Tsono m'fumbimo muli chiyani? Tikudziwa bwino chifukwa anthu a maulendo a Apollo opita ku mwezi anabwera ndi makilogalamu 382 a miyala ndi dothi pakati pa 1969 ndi 1972, Soviet Union inabweretsa pang'ono ndi makina, ndipo China inabweretsa magalamu 1,731 mu 2020 ndi ena ochokera kuseri kwa mwezi mu 2024. Pa kulemera kwake, magawo oposa 40 pa 100 ndi okosijeni. Pafupifupi 20 ndi silikoni. Zotsalazo ndi chitsulo, aluminiyamu, kashiamu, maginiziyamu ndi titaniyamu. Madera akuda aja timawaona mwezi ukakhala wathunthu ali ndi chitsulo ndi titaniyamu wambiri, madera owala ali ndi aluminiyamu ndi kashiamu. Fumbili ndi lakuya mamita 4 kapena 5 m'madera akuda, ndipo kumapiri limapitirira mamita 10. Sipafunika kuboola mgodi. Fosholo ikwana.

Njira yoyamba yoligwiritsira ntchito ndi yachindunji: kuliponya momwe lililimo. Gerard O'Neill wa ku yunivesite ya Princeton ndiye anailimbikitsa m'zaka za m'ma 1970. Iye anaganiza za njanji yamaginito yothamangitsa tizidebe ta dothi, kadebe n'kuima mwadzidzidzi dothi n'kupitirira. Iye ndi anzake anamanga kachitsanzo kake ku yunivesite ya MIT ndipo kanagwira ntchito. Kwa munthu wa mamota ngati ine chinthuchi n'chodziwika, ndi mota imene aitambasula kukhala yowongoka. Monga njira yotumizira dothi kuchoka pa mwezi kupita m'mwamba, nzeru imeneyi ikadali yamoyo. Koma monga injini ya chombo ili ndi chilema: liwiro lake silingayandikire la pulazima, ndipo imasiya m'njira timiyala tothamanga ngati zipolopolo, toti chombo chobwera pambuyo chikumane nato.

Njira yachiwiri ndi imene mitu ya nkhani imaikonda: thira fumbi mu injini, lisanduke pulazima, lituluke. Apa ndi pamene ndinamuuza mphwanga kuti asamale. Zenoni anamusankha pa zifukwa. Ndi mpweya kale, sagwirana ndi chinthu chilichonse, atomu yake ndi yolemera, ndipo maatomu ake onse ndi ofanana. Fumbi lilibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Uyambe walisungunula pa madigiri oposa 1,100, ulitenthebe mpaka lisanduke nthunzi, uphwanye mgwirizano wa okosijeni ndi zitsulo, kenako uthothole maelekitironi. Magetsi onsewa apita usanakankhe chombo ngakhale pang'ono. Maatomu otulukawo ndi osakanikirana, opepuka ndi olemera, ndiye ena amathamanga kwambiri ena pang'ono, zimene zimatayitsa mphamvu. Choipitsitsa, nthunzi ya mwala ikakhudza khoma lozizirirapo imaundana pomwepo. Silikoni ndi okosijeni amapanga galasi, zitsulo zimapanga kansalu kodutsa magetsi pamalo pamene magetsi sayenera kudutsa. Amene anatsegulapo mota imene fumbi la kaboni lagwirizanitsa mawaya ake akudziwa fungo lake. Injini imene ikufunika kuyaka zaka 5 popanda wokaipukuta singapirire zimenezo.

Yachitatu ndi imene ine ndimaikhulupirira, ndipo ndi yosasangalatsa kuimva chifukwa ndi ya fakitale. Yenga fumbilo pa mwezi pomwepo, ulekanitse okosijeni ndi zitsulo, chombo uchipatse chinthu choyera. Makolo athu ankachita zofanana ndi zimenezi m'ng'anjo zadothi, zina zikuonekabe ku Kasungu: makala ankalanda okosijeni mu mwala, chitsulo n'kutsala cha makasu. Ku mwezi kulibe mtengo wootcha makala, ndiye ntchitoyo igwiridwe ndi magetsi, monga amayengera aluminiyamu ku Richards Bay. Beth Lomax wa ku yunivesite ya Glasgow, pamodzi ndi bungwe la zakuthambo la ku Ulaya la ESA ndi kampani ya Metalysis, anaika dothi lofanizira la ku mwezi mu mchere wosungunuka pa madigiri 950 n'kudutsitsamo magetsi. M'maola 50 anachotsa magawo 96 pa 100 a okosijeni, n'kutsala ufa wa zitsulo. Palinso njira yotenthetsa mwala wa ilimenaiti pamodzi ndi haidirojeni kuti patuluke madzi. Ilimenaiti ndi mchenga wakuda uja umapezeka m'mbali mwa nyanja ku Makanjira ndi ku Chipoka, ndipo m'madera akuda a mwezi ulikonso.

Ukayenga, uli ndi zinthu ziwiri zoti uponye. Zitsulo zili ndi ubwino wake. Kuthothola elekitironi pa atomu ya maginiziyamu kapena aluminiyamu kumafuna mphamvu yochepa kuposa pa zenoni, ndipo chitsulo sichifuna tanki, ndi ndodo chabe yoti uimangirire pachombo. Injini za Hall zayesedwapo ndi maginiziyamu m'malabotale a ku America. Kampani ya Neumann Space ya ku Australia imapanga injini imene moto wamagetsi umanyenya ndodo yachitsulo pang'onopang'ono n'kuisandutsa pulazima, ndendende ndodo ya wowotcherera. Okosijeni ndiye wochuluka, koma ndi wankhanza. Akatentha amadya chitsulo chilichonse, ndipo choyamba kufa ndi kachubu kolavula maelekitironi kaja. Choncho okosijeni amafuna injini imene pulazima yake sikhudza chitsulo, yotenthetsedwa ndi mafunde a wailesi n'kugwiridwa pakati ndi maginito. Yodziwika kwambiri ya mtundu umenewu ndi VASIMR ya Franklin Chang-Díaz, mbadwa ya ku Costa Rica amene anapita kuthambo ka 7. Mu 2021 inayaka maola 88 mosalekeza pa makilowati 80, ili pansi pano, ndipo inkagwiritsa ntchito aragoni. Kuthambo sinapitebe.

Apa mphwanga anati, "Ndiye basi amalume, nkhani yatha, tingomanga fakitale."

Ndinamupatsa cholembera. Kuponya kilogalamu imodzi pa makilomita 30 pa sekondi kumafuna mayuniti 125 a magetsi, omwe aja timagula a mita, ndipo apo sitinawerengere otayika ngati kutentha. Tani imodzi ndi mayuniti 125,000. Injini ya Dawn inkadya makilowati 2.3, ngati ketulo ya tiyi, n'chifukwa chake inkakankha ngati mapepala awiri. Ukafuna kukankha kwambiri, onjeza magetsi, palibe njira yachidule. Nkhani imene imazungulira yakuti VASIMR ingafikitse anthu ku Mars m'masiku 39 imadalira mamegawati 200. Siteshoni yonse ya Kapichira pa mtsinje wa Shire imapanga mamegawati 130. Masola onse a International Space Station, nyumba ya ofufuza imene imazungulira dziko kuthambo, amapereka m'dera la makilowati 100, kuchepa ka 2,000 poyerekeza ndi mamegawati 200 aja. Ndipo ukamayandikira Mars dzuwa limafooka, limatsala losakwana theka. Fakitale ya pa mwezi nayo ili ndi lake tsoka: usiku wa kumeneko umatha masabata awiri. Ife amene tinazolowera kuwerenga maola a mdima tikhoza kumvetsa. N'chifukwa chake nkhani imeneyi ikakambidwa moona mtima imathera pa magetsi a nyukiliya. NASA inayesa kamakina kotero kotchedwa KRUSTY ku Nevada mu 2018, koma kanali ka kilowati imodzi.

Mzinda uno umaidziwa nkhani imeneyi kuposa mizinda yambiri. Milu yachikasu imene yatizingayi ndi zotsala za golide amene anapezeka ku Langlaagte mu 1886. Lero makampani monga DRDGOLD akuigumula ndi madzi n'kuiyenganso, chifukwa mu tani iliyonse mwatsala golide wosakwana theka la galamu. Mulu wa Top Star umene unali ndi kanema wa magalimoto pamwamba pake unatha choncho. Chuma chinalimo nthawi yonseyi. Chimene chimagamula ngati mulu ugumulidwe kapena usiyidwe ndi mtengo wa magetsi, madzi ndi makina poyerekeza ndi chimene utulutsemo. Fumbi la ku mwezi lidzaweruzidwa chimodzimodzi, ndipo lili ndi opikisana nalo. Mtengo wotumizira katundu kuthambo kuchokera padziko ukutsika chifukwa cha roketi zobwerera. Komanso mu 2009 chombo cha LCROSS chinatsimikiza kuti m'chigwa cha Cabeus, kumwera kwenikweni kwa mwezi, muli madzi oundana, ndipo madzi ndi osavuta kuwayenga kuposa mwala. Kungoti madziwo ali m'maenje amdima ozizira koopsa, pamene fumbi lili paliponse.

Chinanso chimene Joni amadziwa ndi chimene fumbi limachita ku chifuwa. Agogo anga aamuna anagwira ntchito pansi pa nthaka kuno ali mnyamata, ndipo ndimawakumbukira akutsokomola usiku wonse kumudzi. Amalawi zikwizikwi anadutsa njira yomweyo. Mu 2019 khoti la kuno linavomereza chipukuta misozi cha R5 biliyoni kwa anthu a m'migodi ya golide amene anadwala chifuwa cha fumbi ndi TB. Fumbi la ku mwezi ndi lakuthwa kuposa mchenga uliwonse wa padziko, poti kulibe madzi kapena mphepo yolikwecha. Linapangidwa ndi timiyala togwa kuchokera kuthambo, ndipo mbali yake ndi tizidutswa ta galasi. Kuwala kwa dzuwa kumalipatsa magetsi, ndiye limakakamira pa chilichonse. Harrison Schmitt wa Apollo 17, mu Disembala 1972, atavula chisoti m'chombo anayamba kuyetsemula, maso akutuluka misozi, ndipo iye ndi anzake ankati limanunkha ngati wonga wophulika. M'masiku 3 okha linali litakwecha zovala zawo ndi kulimbitsa mfundo zake. Tsono ganizani fakitale yokumba matani mazanamazana, ya malamba, mabering'i ndi mamota, yoti igwire zaka. Ine mota ya pamalo afumbi wamba ndimaiona ikubwerera kwa ine chaka chisanathe.

Za mwini wake wa dothilo ndingodutsapo. Pangano la mayiko la mu 1967 limaletsa dziko lililonse kunena kuti mwezi ndi wake, koma America mu 2015 ndi Luxembourg mu 2017 anakhazikitsa malamulo olola makampani awo kukhala eni a zimene akumba kuthambo. Amene anakulira pafupi ndi mgodi akudziwa mmene nkhani zotere zimayendera.

Mpaka lero palibe injini imene yayakapo kuthambo ndi chinthu chochokera m'dothi la ku mwezi. Chapafupi kwambiri chinachitika ku Mars, kumene kabokosi kotchedwa MOXIE, pa galimoto ya Perseverance, kanapanga magalamu 122 a okosijeni kuchokera mu mpweya wa kumeneko pakati pa 2021 ndi 2023. Dothi lenileni la Apollo ndi lochepa moti salola kuliwotcha chisawawa, ndiye ofufuza amapera miyala ya padziko yofanana nalo. Ena amagwiritsa ntchito phulusa la mapiri ophulika a ku Arizona. Mwala woyererako wa kumapiri a mwezi, wotchedwa anorthosite, uliponso kuno, m'miyala ya Bushveld cha ku Rustenburg kumene amakumba pulatinamu.

Mphwanga atamva zimenezo anadzuka. Anati ndidzamutengere kumeneko akatole mwala umodzi wa pulojekiti ya kusukulu. Ndinamuuza kuti njira yake tikhoza kudzera ku Hartebeesthoek, kumapiri a Magaliesberg, kumene kuli chimbale cha mamita 26 chimene NASA inamanga mu 1961, chimene chinalandira zina mwa zithunzi zoyambirira za Mars kuchokera ku chombo cha Mariner 4 mu 1965. Anafunsa ngati amalola kulowa. Ndinati tidzafunsa, koma ayambe watseka zenera la kuchipinda kwake, chifukwa mphepo inali itayambanso ndipo mulu wa kuseri kwa njanji unali ukufuka ngati nyumba ikupsa.